Tombolombo wa a Zondwayo Mhone

A Zondwayo Mhone akhala akuwotcherera zitsulo ku Mzimba boma kuyambira ali mnyamata. Kwawo ndi ku Edingeni, kumene agogo awo ankasula mikondo, kenaka makasu nkhondo zitatha. A Mhone ntchito yawo inali ya njinga, ngolo ndi mafelemu a zitseko, ndipo zokongoletsa analibe nazo ntchito.

Chaka china kunabwera mphunzitsi wa masamu wochokera ku Japan, a Moriyama. Njinga yawo itathyoka, anapita nayo kwa a Mhone. Potulutsa makiyi m'thumba anagwetsa kachitsulo kakuda, kozungulira, koboola pakati. A Mhone anakatola n'kukaunika padzuwa. Munali tombolombo wosemedwa bwino, mpaka mitsempha ya mapiko inkaoneka.

"Ndi chiyani ichi, aphunzitsi?"

"Kwathu timati tsuba," anatero a Moriyama m'Chichewa chawo chodukaduka. "Chimakhala pakati pa chigwiriro ndi lupanga, kuti dzanja lisatsetserekere kumpeni. Anandipatsa ndi agogo anga."

Anafotokoza kuti asilikali akale ankakonda tombolombo poti ankati sabwerera m'mbuyo. Pa zina ankasema chipata cha kachisi wa Shinto, chipembedzo cha makolo awo, chimene chimati m'mapiri, m'mitengo ndi m'mitsinje mumakhala mizimu. Wosula lupanga ankayamba wasamba n'kuvala zoyera.

A Mhone, pokhala mkulu wa mpingo, anakayika pansi msanga.

"Ndiye kuti ndi chithumwa?"

"Ena ankatero. Agogo anga ankangopsinjira mapepala." A Moriyama anaonjezera kuti boma la kwawo litaletsa kuyenda ndi malupanga, amisiri ambiri anayamba kupanga miphika ya maluwa ndi zokometsera m'nyumba.

Zimenezi zinawakhudza a Mhone. Anakatolanso, n'kupempha kuti akajambule papepala.

Anayamba n'kuika zotchingira dzanja pa zikwanje. Alimi a fodya a ku Embangweni anayesako, koma anazibweza.

"Yewo, adada," anatero mmodzi mosakaniza ndi Chitumbuka, "koma chikukola m'udzu, mbwenu chikulemeranso."

Zikwanjezo zinachita dzimbiri pakona. Koma mayi Marjory Soko, namwino wopuma pantchito, ataona tombolombo amene a Mhone anamudula pa chitsulo chotsala, anafunsa ngati angawaikire pa geti ya nyumba yawo. Anamudula kangapo, mapiko akuthyoka, mpaka anatheka. Atatero anzawo a mayiwo anafunanso, wina mbalame, wina chishango cha Angoni, wina ngala ya chimanga.

A Moriyama anaiona geti ija asanabwerere kwawo. Anaima nthawi yaitali, kenaka anawerama pang'ono pamaso pa a Mhone. A Mhone anangovula chipewa.

Lero maso awo afooka chifukwa cha moto wowotcherera, ndipo ntchito yolemera anaisiyira mwana wawo Esme. Iwo amakhala pamthunzi ndi tupa, kusalaza mapiko, n'kumayesa ndi chala ngati pali potsala pobaya.