Chaka Chimene Rudo Anandilanda Kamuvi

Mpaka lero, fungo la dizilo likasakanikirana ndi la makoko a malalanje limandibweza m'galimoto ya Ababa, m'chilimwe chimene ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Tinkakhala kukomboni ya mgodi ku Bindura, m'nyumba zamizere, kumene fumbi lotuwa linkatera pa zovala zoyanika Amai asanazianule. Ababa ankagwira ntchito m'wekishopu ya mgodi, ndipo galimoto yawo inali yakale, yobiriwira mofwifwa, yamipando yowotcha ntchafu ngati chiwaya. Ine sindinkadandaula nazo. Mpando wakutsogolo unali wanga, ndipo unali ndi udindo wake.

Udindowo unali kuyang'anira kamuvi ka geji yosonyeza kutentha kwa injini. Ababa ankati maso awo saona bwino zapafupi. "Tadala, iwe ndiwe maso anga," ankatero, ine n'kufufuma ngati finye. M'mawa kamuviko kankagona pansi, chifukwa injini ya dizilo imachedwa kutentha, ndipo tinkadutsa msika kasanadzuke. Kenako kankakwera pang'onopang'ono n'kukaima pakati, ndipo apo ndiye panali pabwino pake. Anzawo ena ankanyadira kamuvi kogona pansi ulendo wonse, koma Ababa ankawaseka, amvekere injini yozizira imangomwa mafuta ndi kufuka utsi. M'nyengo yachisanu ankachita kuithandiza: ankatseka mbali ya rediyeta ndi chidutswa cha katoni kuti mphepo isaiziziritse kwambiri. Dzanja langa laling'ono ndi limene linkakwana pa mpata wa zitsulo zakutsogolo zimene zinathyoka, choncho wolowetsa katoniyo ndinali ine. Kunja kukayamba kutentha tinkaichotsa n'kuisunga kuseri kwa kabati.

Panalinso fani. Nthawi zambiri inkangozungulira mwaulesi, osamveka. Koma pachitunda, kapena dzuwa likaswa mtengo, kamuvi kakadutsa pakati pang'ono, faniyo inkagwira n'kuyamba kubangula. Kamuvi kankabwerera pamalo pake, phokoso n'kutha. Tsiku loyamba ndinalira poganiza kuti tikuphulika. Ababa anandiuza kuti ikalira n'kusiya ndiye kuti ikugwira ntchito yake, koma ikalira osasiya, pamenepo ndiye pochita mantha.

Rudo anabwera maluwa a jakaranda atayamba kuyoyoka. Anali msuweni wanga, mwana wa azakhali, mlongo wawo wa Ababa, amene ankagwira ntchito m'minda ya fodya ku Matepatepa koma tsopano anali atagonekedwa m'chipatala cha mishoni. Anafika ndi kajumbo ka zovala ndi miyendo yotuwa. Chichewa ankamva chonse, koma ankayankha m'Chishona, mawu awiri kapena atatu basi. Anagona pabedi langa, anavala juzi yanga, anapatsidwa chiwindi cha nkhuku chimene chinali changa chibadwire, ndipo zonsezi ndinapirira. Amai ankandinong'oneza kuti mlendo ndi mame. Koma mame amenewa ngakhale dzuwa la Okutobala linawalephera.

Loweruka lililonse tinkapita kukaona azakhali. Nthawi yoona odwala inali ola limodzi lokha, kuyambira wani koloko mpaka thu koloko, ndipo anamwino sankawonjezera ngakhale mphindi. Paulendo woyamba Rudo anakhala kumbuyo ndi Amai. Tikuyamba kukwera chitunda chachitali cha kupitirira minda ya fodya, ine maso ali pa kamuvi, iye anangoti, "Yava kuda kubata," kutanthauza kuti fani yatsala pang'ono kugwira. Asanatseke pakamwa, faniyo inabangula. Mwana uja anakulira pakati pa mathirakitala, ndipo injini ankaimva ndi khutu. Ababa anaseka mpaka kumenya chiwongolero. "Mbumba yanga ili ndi makutu a makanika!" Ine amene ndinayang'anira kamuvi zaka ziwiri sanandinenepo kuti makanika.

Loweruka lotsatira Ababa anatsegula chitseko chakutsogolo n'kunena kuti lero akhale Rudo. Lotsatiranso chimodzimodzi. Ndinachita nsanje, nsanje yeniyeni. Ndili kumbuyo, pakati pa basiketi ya zakudya ndi chigubu cha madzi, ndinkayang'ana khosi lake lowonda ndi timangongo ta tsitsi lake, ndipo ndinkadana nazo zonse. Chimene chinkandipweteka kwambiri n'chakuti kamuvi kanga sankakayang'ana n'komwe. Maso ake ankakhala pawindo, pa anthu a njinga ndi minda yofiira yongolimidwa kumene. Ndinati mumtima, tsiku lina kamuvi kadzakwera iye ali kuwerenga mitengo, ndipo Ababa adzadziwa kuti maso awo enieni ndi ndani.

Tsikulo linachedwa kubwera, ndiye ndinalipanga ndekha. Loweruka lachinayi m'mawa, Ababa akusamba, Amai akukulunga mpunga wa odwala m'nsalu, ndinatenga katoni ija kuseri kwa kabati. Ndinagwada kutsogolo kwa galimoto n'kuilowetsa pa mpata uja, osati mbali imodzi monga tinkachitira m'chisanu, koma pakati penipeni. Ndinapukuta manja pa diresi n'kukakhala kumbuyo ndisanauzidwe. Amai anandiyamikira kuti ndayamba kukula.

Kunatentha tsiku limenelo. Nyenje zinkalira mpaka m'makutu kuwawa, ndipo phula linkanyezimira ngati pathiridwa madzi. Tisanafike n'komwe pachitunda fani inagwira. Ndinasuzumira pakati pa mipando ndipo ndinaona kamuvi katadutsa pakati, kakulowera kofiira. Ndinali ndi chimwemwe chosakanikirana ndi mantha. Ndinkadziwa zoyenera kunena, koma ndinaluma mlomo kudikira kuti Rudo alephere. Tili pakati pa chitunda, pamene msewu unali wopapatiza moti sungaime, iye anatembenuka. "Sekuru, feni haisi kunyarara." Ankauza Ababa, amene iye ankawatcha Sekuru, kutanthauza malume, kuti fani sikusiya kulira. "Ndamva, mwana wanga," anayankha Ababa, ndipo mawu akuti mwana wangawo anandilasa kuposa china chilichonse.

Pamwamba pa chitunda anapatukira pansi pa mkuyu. Atatsegula boneti panatuluka nthunzi ndi fungo la labala wopsa, madzi akuchucha pansi. Anapisa dzanja kutsogolo kwa rediyeta n'kusolola katoni ija, itafewa ndi kutentha. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Ine sanandiyang'ane. Pakhomo pathu panali dzanja limodzi lokha lozolowera kulowa pa mpata uja popanda kutsegula boneti, ndipo tonse tinkalidziwa, kupatula Rudo.

Chivundikiro cha rediyeta sachitsegula injini ili moto, choncho tinadikira. Amai anakhala pa muzu, chitenje atafunda kumutu. Rudo anaima m'mphepete mwa msewu kuyang'ana kumene kunali chipatala, ndipo kawiri konse anabwera kudzagwira dzanja la Ababa kuti aone wotchi. Injini itazizira Ababa anathiramo madzi athu akumwa pang'onopang'ono. Tisanakwere anandipatsa katoni ija. "Sunga, tidzaifuna m'Juni," anatero, mawu ali ofatsa. Ndinaifungata pamiyendo ulendo wonse, ndipo ndikanakonda akanandikwapula.

Tinafika kuchipatala kutatsala mphindi khumi. Azakhali anali atadzuka kale, atamanga duku lawo labwino, akuyang'ana kukhomo kuyambira wani koloko. Rudo anakwera pabedi n'kuika mutu pachifuwa pawo. Mpunga usanatsegulidwe n'komwe belu linalira. Loweruka lotsatira tinawapeza sakuzindikira munthu, ndipo mvula yoyamba isanagwe tinawaika m'manda kufamu. Maliro atatha Ababa anandibwezera mpando wakutsogolo. Unali womwewo, wowotcha ntchafu, koma sindinaukondenso.

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti mpando uja ndi mphoto ya mwana wokondedwa kwambiri, ndipo Rudo anandibera. Ndili wamkulu, Ababa atamwalira, ndinatchulira Amai za maso awo osaona zapafupi. Anaseka mpaka kupukuta misozi. Munthu wowerenga timanambala ta pa sipanala tsiku ndi tsiku popanda magalasi akanalephera bwanji kuona kamuvi? Ntchito ija Ababa anaipeka kuti ndisiye kuopa fani. Kenako anaipereka kwa mwana amene ankafunika china chomvetsera pa msewu wokathera pa bedi la mayi wake.

Lero ndili ndi galimoto yangayanga ya dizilo, yakalenso, ndipo kamuvi kake kamaima pakati monga Ababa ankafunira. Rudo amakhala ku Wadzanai ndi ana ake atatu, ndipo ndikapita kukamuona amakhala kutsogolo. Pachitunda fani ikagwira amamwetulira n'kunena kuti Sekuru akanakondwa. Za katoni sadziwa. Ine ndimangogwira chiwongolero, kudikira kuti phokoso lithe, ndikuwerenga mumtima mphindi makumi asanu zimene ndinamulanda.