Otakata Kumbuyo, Opyapyala Kutsogolo

M'nyengo yozizira ya 2016, aneba athu atangopuma pantchito yozula mano, anagula galimoto yofiira yampikisano, ya mipando iwiri. Sabata yomweyo anachotsa matayala anayi ofanana n'kuika otakata kumbuyo, opyapyala kutsogolo.

Mpaka lero ndikatseka maso ndimawaona atagwada pabwalo, akuyeza tayala ndi tepi yosokera ya akazi awo. "Mayi," akundiuza pampanda, "otakatawa amagwira msewu ukamakhota pa liwiro." Liwirolo sitinalionepo. Popita kubanki ankapitidwa ndi njinga.

Makaniko wawo anawachenjeza: "Bambo, ofanana mumawasinthanitsa, amakhalitsa. Awa ayi. Ndipo lakumbuyoli likaphulika, kuno simulipeza."

"Iwe umadziwa za maminibasi basi," anamuyankha.

Loweruka pa 4 Ogasiti 2018 mwana wawo wamkazi ankakwatiwa, ndipo iwo analumbira kuti amutengera okha kutchalitchi. Atangotuluka pageti, lakumbuyo linaponda msomali. Makaniko anazungulira masitolo asanu, osalipeza. Mkwatibwi anali m'galimoto, thukuta likusungunula zodzola.

"Adadi, anthu ayesa ndathawa!"

"Lopyapyala lilipo, ndingoikapo?" anafunsa makaniko.

"Mwana wanga sangapite kuukwati motsimphina!"

Akazi awo anatsegula chitseko cha galimotoyo. Anangomugwira mkono mkwatibwi n'kumukweza minibasi ya makanikoyo. Anafika atachedwa maola awiri, mkwati atavula kale jekete.

Anebawo anasamuka pa 12 Marichi 2020. Yofiira ija inatuluka itabelekedwa pa lole ya matayala asanu ndi limodzi. Ndinawayang'ana bwinobwino: onse anali ofanana.