Nsalu Yomwe Tinafunditsa Kompyuta

Inu owerenga, amene anaitanira achimwene anga kutsoka lawo ndine, ndipo mpaka lero mtima wanga sunakhale pansi.

Ndinali taipisiti pa mishoni ina kumapiri a Ntchisi, ulamuliro wa chipani chimodzi uli kumapeto. Atatibweretsera kompyuta, mayi wina wamkulu m'chipani anapereka nsalu ya nkhope ya mtsogoleri kuti tiziifunditsa, poti fumbi la kwathu lilibe manyazi. Tinaiyala pabokosi lake monga timachitira ndi wailesi, n'kulendewera mpaka kumbuyo. Ndani akanayerekeza kuichotsa?

Posakhalitsa kompyuta inayamba kuzima yokha ntchito ili mkati. M'mawa inkayenda bwino, koma dzuwa likakwera, zii! Abusa anati woiwononga ndine. Poopa kuchotsedwa ntchito, ndinaitana achimwene, amene ankakonza makina otere ku Lilongwe.

Atafika anagunditsa khutu pabokosi, nati disiki yosunga ntchito ili bwino, chifukwa yodwala imagogoda ngati wotchi. Kenako anapisa dzanja kumbuyo n'kulibweza msanga.

"Chemwali, mwaitseka mphuno!" anatero akuseka. "Kabokosi ka magetsi kakupsa umu. Nanga fani ipuma bwanji?"

Anasolola nsalu ija, n'kuiyala pansi, nagwadapo kuti atsegule makinawo. Ine ndinaona, ndinaonanso anthu akusuzumira pawindo, koma sindinawachenjeze.

Dzuwa lisanalowe anafika achinyamata a chipani. Anandifunsa ngati n'zoona kuti mlendoyo anaponda nkhope ndi mawondo. Ndinavomera ndi mutu, inu, chifukwa cha mantha. Achimwene sanandiyang'ane pokwera galimoto.

Anatuluka m'ndende dziko litasintha, akutsokomola, makutu aja ankamvera nawo makina atagontha ndi makofi. Sanagwirenso ntchito. Ndikapita kukawaona ku Chezi amandilandira bwino, n'kumangoyang'ana milomo yanga. Kupepesa ndinapepesa, koma ngati anamva sindikudziwa, ndipo zimenezi zimandiwawa.

Abale anga, makina akamazima okha, gwirani kumbuyo mumve kutentha, mverani ngati fani ikuzungulira, musawafunditse ngati mwana. Ndipo mukaitana munthu wakutali, muuzeni zoopsa za pamalopo asanagwire kanthu. Ine mawu awiri okha akanakwana.

Nsalu ija anaichapa n'kuipachika pakhoma. Kompyuta sinazimenso. Ndinkaiyatsa m'mawa uliwonse achimwene ali m'ndende, fani ikulira bwinobwino.