Kakapeti ka Pansi pa Mabuleki

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene amama anagula galimoto. Tinkakhala kumudzi kufupi ndi Sinda, awiriwiri, pakuti atate anamwalira ndisanayambe sukulu. Amama ankagula nshawa ndi nyemba m'midzi n'kumakagulitsa kumsika wa ku Katete, ndipo kwa zaka zambiri matumba awo ankayenda pa njinga zaganyu ndi m'maminibasi. Kuyendetsa anaphunzira imvi zitayamba kale kuoneka m'mphepete mwa duku. Ankakwera minibasi kupita ku Chipata kukaphunzira, n'kubwera madzulo akudandaula msana.

Galimotoyo inali itagwirapo kale ntchito kwa wina. Inali yoyera, yokhala ndi malo aakulu a katundu kumbuyo, ndipo mkati mwake munkanunkha fodya wa mwini wake wakale. Komabe kwa ife inali yatsopano. Mlungu woyamba amama anaikonzakonza ndi zinthu zosavuta kupeza. Anasoka okha nsalu zovekera mipando pogwiritsa ntchito zitenje ziwiri zobiriwira. A Phiri, makaniko wa ku Katete, anaika mphira zotchinga matope kumbuyo kwa matayala, nasintha zopukutira galasi la kutsogolo zomwe zinkalira ngati khoswe. Amalume a Yelesani, mlongo wawo wa amama, ankafuna magalasi akuda ndi masipika aphokoso, koma amama anangowaseka.

Inenso ndinkafuna kuti dzanja langa lionekepo. Kuseri kwa tchalitchi ndinapeza chidutswa cha kapeti chomwe anataya, chofiira, chochindikala bwino. Ndinachichapa kudambo, n'kuchiyanika pamwala, kenako ndinachidula ndi mpeni zidutswa zinayi. Loweruka m'mawa, amama asanatuluke, ndinayala kachidutswa kamodzikamodzi pamalo oponda mapazi, kuphatikizapo pa woyendetsa. Sindinamangirire paliponse. Kunyumba mkeka timangoyala, ndiye sindinaone chosiyana.

Amama atatsegula chitseko anamwetulira. “Misozi, motoka waisandutsa chipinda cha alendo,” anatero. Mtima wanga unadzaza ndi chimwemwe.

Tinanyamuka ndi matumba a nshawa, ine ndili kutsogolo pambali pawo. Tisanafike pamsewu waukulu pali chitsikira chopita kukamtsinje, msewu wake wafumbi, wamabampu. Kutsogolo kwathu kunali ngolo yodzaza thonje, ng'ombe ziwiri zikuikoka pang'onopang'ono. Ndinaona amama akuponda mabuleki. Galimoto sinamvere. Anapondanso, mwamphamvu, thupi lonse litauma, koma ngolo ija inkangokulirakulira m'galasi. Ndinamva akuti “Mayo!” n'kukhotetsa chiwongolero. Tinadutsa ngoloyo mokhudza, tinalowa m'tchire, ndipo tinaima titagunda chulu.

Palibe anavulala. Nyali imodzi inasweka, thumba limodzi linaphulika, nshawa zili mbwee mpaka m'miyendo mwathu. Amama anandigwiragwira kumutu ndi m'manja, ataona kuti ndili bwino anatuluka kuthamangira kwa mwini ngolo, yemwe ankalimbana ndi ng'ombe zake zodzidzimuka.

Ndili ndekha m'galimotomo ndinayang'ana pansi. Kakapeti kanga kanali katatsetsereka ndi mabampu aja, n'kudzipinda kawiri pansi penipeni pa chopondera mabuleki. Ngakhale mwana akanamvetsa. Ndinawerama msanga, kukakoka, kukayala bwinobwino pamalo pake, ndipo ndinakhala phee ngati sindinaone kanthu.

Anthu anasonkhana. Ena anatithandiza kukankha, ena anangoima manja ali m'chiuno. Bambo wina amene sindinkamudziwa ananena mokweza kuti, “Azimayi ndi motoka! Atimaliza awa.” Anzake anaseka. Amama anamva, koma anapitiriza kutola nshawa m'fumbi.

Mawa lake ndinachotsa timakapeti tonse, ndikunena kuti tada, ndipo ndinatibisa m'nkhokwe. Lolemba amalume anapita nayo galimoto kwa a Phiri. Anabwera ndi yankho limene ine ndinkalidziwa kale: mabuleki analibe vuto lililonse.

“Ndiye kuti ndi mwendo wanga,” anatero amama, atakhala pakhonde. “Kapena ndinaponda posayenera. Ndikanapha munthu, achimwene. Ndikanapha mwana wanga yemwe.”

“Musadzivute, alongo,” amalume anayankha mofatsa. “Zinthu izi zimafuna munthu wozolowera. Ndizikuyendetserani ndine.”

Amama analowa m'nyumba, n'kubwera ndi makiyi, kuwapereka ndi manja awiri.

Masabata atatu anadutsa. Amalume sanali munthu woipa, koma anali ndi munda wawo ndi maulendo awo. Tsiku la msika ankafika dzuwa litakwera, ogula nshawa atagula kale kwa ena. Masiku ena galimoto inkagona kwawo. Amama ankakhala kumpando wakumbuyo pakati pa matumba, pansalu yomwe anasoka okha, akuyang'ana kunja. Kutchalitchi amayi ena ankawapepesa ngati odwala. Chinandipweteka koposa n'chakuti anasiya kuimba akamasesa. Tsiku lina ndinawapeza atakhala pampando, akupondaponda pansi ndi phazi lamanja, akuliyang'anitsitsa ngati si lawo.

Ndinkadziuza kuti ndinena mawa. Mawa likafika ndinkaganiza za nkhope ya amalume, za anthu aja oseka, za chikwapu, ndipo ndinkati mawa linanso.

Ndinaulula masana ena tikusenda nshawa pansi pa mtengo wa mango. Amama anangoti, osandiyang'ana, “Ndaganiza zoigulitsa motoka ija. Amalume ako apeza munthu wa ku Vubwi amene akuifuna.”

Ndinadzuka, kupita kunkhokwe, kubwera ndi kakapeti kaja. Ndinagwada, n'kukapinda kawiri monga momwe ndinakapezera. “Amama, si mwendo wanu. Aka kanalowa pansi pa mabuleki. Ndinakaona tsiku lomwelo, ndinakachotsa inu mutatuluka.”

Anakatenga, kukatembenuza, kukafinya ndi chala chachikulu. Ndinkayembekezera kukalipiridwa, koma mawu awo anatuluka otsika.

“Kuyala kapeti sunalakwe wekha. Inenso ndinakaona, ndinakayamikira. Koma masabata atatu, Misozi? Wakhala ukundiona tsiku ndi tsiku ndikudzida, iwe uli chete?”

Ndinalira. Sananditonthoze, ndipo sanandimenye. Anangoti ndisambe, tikupita kwa amalume, ndipo kumeneko ndikanene ndi pakamwa panga zimene ndawauzazi. Tinayenda wapansi, iwo kutsogolo, ine kumbuyo kakapeti kali m'manja. Amalume anamvetsera mpaka kumapeto, n'kukanda m'mutu.

“Komabe, alongo, mwina ndi bwino kuti…”

“Makiyi, achimwene,” amama anatero.

Pobwerera anayendetsa okha. Pachitsikira chija anatsika pang'onopang'ono moti wanjinga anatipitirira. Titawoloka kamtsinje anapumira m'mwamba, n'kupukuta manja pachitenje.

Loweruka lotsatira ananditengera kwa a Phiri kuti ndikawasonyeze kakapeti kaja. Makanikoyo sanaseke. Anatulutsa mphira yoyala pansi yodulidwa molingana ndi malo ake, yokhala ndi timabowo tiwiri, ndipo anandisonyeza tizitsulo tokolera tomwe tinali pansi pafupi ndi mpando wa woyendetsa, timene ine sindinatione n'komwe. Anandiuza kuti ndiikoletse ndekha, kenako ndiikoke ndi mphamvu zanga zonse. Sinasunthe.

“Nyumba imakhala malo amodzi, mwanawe, koma motoka imagwedezeka,” anatero. “Ukafuna kuikamo kanthu, uyambe wafunsa kuti kadzapita kuti motoka ikadumpha.” Anawonjeza kuti timakapeti tanga tikhoza kukhala kumbuyo, kumene kulibe chopondera chilichonse. Timakapeti titatu tinakhaladi kumeneko mpaka tinatha.

Lero ndili ndi galimoto yangayanga, ndipo anzanga akagula zawo amabwera kudzandifunsa zoti ayambe kuikamo. Ndimawauza zosavuta zomwezo: zovekera mipando, mphira zokoletsa bwino, zopukutira galasi zatsopano, ndi kusapachika zidole zotchinga maso. Imeneyi ndi mbali yopepuka ya zimene ndinaphunzira, ndipo ndinaimvetsa tsiku limodzi.

Mbali inayo yanditengera zaka. Ndili mwana ndinkaganiza kuti kukhala chete n'kusachita kanthu, kuti bola sindinanene bodza. Tsopano ndikuona kuti mlandu ukasowa mwini sukhala pansi, umagwera munthu amene anthu anali okonzeka kale kumukayikira. Mudzi wonse sunavutike kukhulupirira kuti mzimayi walephera kuyendetsa, ndipo amama nawonso anatsala pang'ono kukhulupirira. Umboni wotsutsa zimenezo unali ndi munthu mmodzi yekha, yemwe ankadya nawo m'mbale imodzi. Amama anayendetsa zaka zina zambiri osagundanso ngakhale nkhuku. Ndikanachedwa ndi mlungu umodzi wokha, akanakalamba akuuza adzukulu awo kuti anayesapo kuyendetsa koma zinawakanika.