Vizikisi va Ambuya

Fungo la gaga wowawasa likandipeza paliponse, ngakhale ndili m'basi, ndimabwerera kuseri kwa nyumba ya agogo anga ku Kanyama, komboni ya mu Lusaka, kumene utsi wa nkhuni zonyowa unkakwawa pansi pa malata n'kulowerera m'zovala, m'tsitsi ndi m'mabuku anga a sukulu. Ife tinkawatchula kuti ambuya. Anali mayi wamfupi wa ku Katete, wa maso ofiira ndi utsi, ndipo ntchito yawo inali yotcheza kachasu. Mgolo wakuda unkakhala pamafuwa, paipi yachitsulo inkatuluka pakamwa pake pomatidwa ndi dothi n'kudutsa m'beseni la madzi ozizira, ndipo kumapeto kwake kunkadontha madzi oyera aja amene ankatidyetsa. Ntchito yanga inali yosintha madzi a m'beseni akafunda.

Zinali zaka zimene kwacha inkangowodzera ngati nkhuku yachitopa. Mafakitale ankatsekedwa, ufa ndi shuga tinkachita kuziimira pamzere, ndipo abambo amene kale ankalawirira kuntchito ankafika pabenchi la ambuya dzuwa lisanakwere. Mayi anga anali atamwalira, bambo anapita kumigodi kukafuna ntchito osabwerako. Tinatsala awiri ndi mgolo uja. Ambuya sankaunyadira ngakhale pang'ono, moti akaona ndikusonkhezera moto mwaluso ankandilanda chikuni.

"Usazolowere, Misozi," ankatero. "Mgolo uyu uthere pali ine."

Chaka changa chomaliza ku sekondale chitangoyamba, aphunzitsi athu a fizikisi anapita ku Botswana, monga ankachitira aphunzitsi ambiri masiku amenewo, ndipo palibe anabwera m'malo mwawo. Ine ndinkafuna kukalowa koleji ya uphunzitsi wa sayansi, ndipo popanda fizikisi khomo limenelo linali lotseka. Ndikanalephera, panalibe kwina kopita koma pamafuwa paja. Nditawafotokozera ambuya, anamvetsera mwachidwi. Koma mu Lusaka zinthu timati vinthu, zovala timati vovala, choncho khutu lawo linamva mawu ena.

"Vizikisi vamene ivi ni vingati?" anandifunsa. "Ngati ni vambiri, tizagula chimodzi chimodzi."

Ndinaseka mpaka misozi, koma iwo sanaseke. M'mawa mwake anavala chitenje chawo cha kutchalitchi n'kuyamba kusaka munthu wodziwa vizikisi. Anafika mpaka ku Chilenje, kumene mphunzitsi wina ankaphunzitsa ana a mabwana m'galaja yake. Atamva mtengo wake anangopempha madzi akumwa n'kutsazika. Kenako anabweretsa mnyamata wa kwaya amene anthu ankati ndi wanzeru. Iyeyo anatenga buku langa n'kumaliwerenga mokweza ngati akuwerenga mawu a tsikulo kutchalitchi. Atapita, ambuya anapukusa mutu.

"Awerenga bwino mwana uja," anatero, "koma nayenso akumva koyamba."

Loweruka lina masana ndinkasintha madzi a m'beseni buku lili pamwendo. Pabenchi panali makasitomala atatu, mmodzi wa iwo ba Chanda, bambo wamtali wa Chibemba wa jekete long'ambika m'zigongono. Aliyense ankawatchula kuti ba Ticha, ndipo tonse tinkayesa ndi dzina lachipongwe chifukwa akaledzera ankalalikira m'Chingerezi. Tsiku limenelo anali asanafike pa Chingerezi.

"Iwe mwana," anandiitana, "moto uli uko, beseni ili kuno. Nanga manzi yapya na chani?"

Ndinayankha kuti madziwo afunda chifukwa paipi ndi yotentha. Anandifunsa chimene chatenthetsa paipiyo, ndipo ndinayamba kufufuza m'buku. Pamenepo anaika botolo pansi n'kundifotokozera kuti nthunzi imanyamula kutentha kuchokera mumgolo, ndipo ikamasanduka madzi imatula kutenthako m'paipi, ngati munthu wotula mtolo pakhomo asanalowe m'nyumba. Umenewu ndi mutu womwewo umene unandizunguza milungu yambiri m'buku lija. Ndinaumva kamodzi kokha, ndipo mpaka lero sunandichoke.

Ambuya anali ataima ndi chikuni m'manja. "Ivo ndiye vizikisi?"

"Ni chizikisi chimozi chabe, mayo," anayankha ba Chanda. "Viliko vambiri."

Zinadziwika kuti ba Ticha analidi mphunzitsi wa sekondale. Malipiro atayamba kutha mwezi usanafike pakati, akazi awo anabwerera kwawo ndi ana, iwo anayamba kumwa, ndipo ntchito inawathera. Ambuya anali atapita mpaka ku Chilenje kukasaka munthu amene tsiku lililonse ankakhala pabenchi lawo.

Ambuya ndi ba Chanda anagwirizana kuti azindiphunzitsa m'mawa, popeza kusukulu ndinkapita masana. Ba Chanda anapempha kuti malipiro akhale a m'botolo. Ambuya anakana. Anati adzawapatsa tiyi ndi kandolo, ndiye mbatata, m'mawa uliwonse, chakudya chamasana, ndi kuwachapira jekete. Vuto linali lakuti ku Kanyama otcheza kachasu sanali ambuya okha, ndipo munthu wokanizidwa pakhomo limodzi ankangodumpha ngalande n'kufika pa lina. Choncho ambuya anavalanso chitenje chija n'kuyenda khomo ndi khomo kwa amayi onse otcheza, kuwapempha kuti asawagulitse ba Ticha kachasu dzuwa lisanafike paliwombo. Ine ndinkawatsatira mwamanyazi.

Amene anavuta anali bana Mwila, mayi wa mawu akuluakulu amene ankapikisana ndi ambuya pa makasitomala.

"Awe, ambuya, kasitomala ni kasitomala," anatero. "Manje ise tizadya chani? Muzukulu ni wanu, osati wanga."

Ambuya sanakweze mawu. "Mwila wanu ali giredi chani?"

Mwilayo ankaphunzira sukulu imodzi ndi ine, kalasi ya kumbuyo kwanga, ndipo nayenso analibe mphunzitsi. Lolemba lotsatira Mwila anafika ndi kampando kake. Sabata isanathe panabweranso ana ena, pafupifupi onse a amayi otcheza, ndipo pangano linagwira chifukwa aliyense wophwanya akanakhala akubera mwana wake yemwe.

Ndimakumbukira m'mawa umenewo ngati dzulo: nkhuni zikuthetheka, mawilo a mawilibala akulira mumsewu, ife titakhala pa zitini ndi pa njerwa, ba Chanda akulemba ndi khala pa lata lakale loyedzamira khoma. Manja awo ankanjenjemera kwambiri moti mzere wowongoka unkatuluka ngati njira ya nyerere, ndipo thukuta linkayenderera m'khosi ngakhale kukuzizira. Koma akayamba kulankhula tinkaiwala manjawo. Galasi la ambuya lodziyang'anira, chingwe choyanikira zovala, mabatire akutha a wailesi, zonse zinalowa m'phunziro. Nthawi zina ankatembenukira kwa ambuya ndi maso a munthu wanjala.

"Mwanimanga, mayo."

"Nakumangani na chingwe cha kandolo," ankayankha ambuya. "Idyani."

Tsiku lina mvula itagwa usiku wonse, madzi atadzaza m'njira mpaka m'mawondo, ba Chanda sanabwere. Tinamva kuti awoloka kupita kukomboni ina kumene pangano silinkafika. Ambuya anabwereka wilibala kwa wogulitsa makala, anakwinya chitenje, n'kulowa m'madzi. Dzuwa litakwera tinawaona akubwera, mayi wokalamba akukankha bambo wamtali miyendo ili lendelende, anthu ataima m'makomo akuseka. Atayandikira, ba Chanda anadzutsa mutu.

"Mayo, gwilani kumapeto kwa vogwilila, katundu izapepuka. Bana, lembani, iyi ndiye liva ya mu fizikisi."

"Khalani chete," anatero ambuya akupuma movutikira. "Katundu salankhula."

Tinaseka, koma madzulo ake ndinawaona akuthowa msana ndi madzi ofunda, ndipo mtima unandiwawa. Kuyambira tsiku limenelo ba Chanda sanajombenso. Ndikuganiza kuti manyazi okwezedwa wilibala ndi mayi wa msinkhu wa mayi awo anaposa ludzu.

Mayeso anafika ndipo anatha. M'mawa wotsatira ba Chanda anabwera atavala jekete lochapidwa, nakhala pabenchi pamalo awo akale.

"Mayeso yasila, mayo. Nipimileni."

"Pano simuzamwanso," anatero ambuya. "Kandolo alipo."

Ba Chanda anaseka, anadya, kenako anadumpha ngalande. Pangano la amayi lija linali la mayeso, ndipo mayeso atatha linayamba kumasuka. Ambuya anayesa kuyendanso khomo ndi khomo, koma njala inali itakula ndipo kasitomala anakhalanso kasitomala. Ine ndinakhoza bwino fizikisi n'kulowa koleji. Ndili komweko ndinalandira uthenga woti ba Chanda amwalira. Pamaliro achibale anabwera ochepa, ndipo bokosi lawo linanyamulidwa ndi anyamata amene ankakhala pa zitini paja.

Titabwerako kumanda, ambuya anakhala pafupi ndi mgolo wozizira, osasintha n'zovala zomwe. Ndinayesa kuwatonthoza kuti iwo anachita mbali yawo.

"Mbali iti?" anandifunsa. "Munthu uja anakhala pabenchi langa zaka na zaka, ine nikumupimila. Sininamufunsepo kuti ba Ticha, munali kuphunzitsa chani. Ninaona kuti ni munthu tsiku lamene ninamufuna."

Ambuya anapitiriza kutcheza chifukwa tinkafunika kudya. Koma mwezi umene ndinayamba ntchito, anaitana wokhoma zidebe kuti adule mgolo uja n'kupangamo mbaula. Paipi anandipatsa ine.

"Tenga chizikisi chako," anatero. "Vinango vathera pali ine."

Lero ndine mphunzitsi wa fizikisi, ndipo madzulo ana a m'komboni amabwera pakhonde panga ndi timipando tawo. Tikafika pa mutu wa nthunzi ndimatulutsa paipi ija. Ikatentha imatulutsabe kafungo kakale, ana amakwinya mphuno n'kufunsa kuti n'chiyani, ndipo ine ndimawauza za ambuya ndi ba Chanda osabisa kanthu. Mabenchi aja sanathe mu Kanyama. Ndikamadutsa m'mawa n'kuona munthu atakhala pamenepo dzuwa lisanakwere, ndimaima, ndimamupatsa moni, n'kumufunsa dzina lake ndi ntchito imene ankagwira kale. Ndimayesetsa kufunsa ndisanamufune.