Msomali Wopanda Kanthu

Bambo anga anagwira ntchito pansi pa mgodi ku Kitwe mpaka kumutu kunayera, ndipo anatulukamo ndi zala zonse khumi. Mwendo anadzautaya atapuma kale, chifukwa cha matenda a shuga. Anawadula ku Ndola, m'munsi mwa bondo, ndipo titabwerera nawo kunyumba ku Ipusukilo anangotembenukira kukhoma. Jakisoni wa shuga, amene ankadzibaya okha kwa zaka zambiri, anayamba kumukana. Adokotala anali atandiuza kale kuti akapitiriza choncho, mwendo winawo, maso ndi impso zili m'njira.

Ine ndine wa mtima wapachala, sindibisa. Ndinawanyengerera sabata imodzi, yachiwiri ndinayamba kukalipa. M'mawa uliwonse ndisanapite ku ofesi ku Riverside tinkalimbana, ndipo masiku ambiri wogonja ndinali ine. Amayi a kutchalitchi ankabwera kudzapemphera, koma ankalowa monyang'ama n'kukhala pansi ngati afika pasiwa. Akachoka, bambo ankati, "Bokosi lokha ndilo aiwala."

Kukiliniki kwathu kunali mayi wina wamfupi, mlangizi wa odwala matenda okhalitsa. Nditamudandaulira anabwera kunyumba. Ndinkayembekeza kuti awalalikira za kuopsa kwa shuga, koma za jakisoni sanatchule n'komwe. Maso ake anali pa chisoti chakale cha kumgodi chimene chinali pamwamba pa kabati.

"Ba Tata, nifunseko," anatero. "Ku mugodi munali kuziba bwanji kuti munthu wasala pansi?"

Bambo anayankha akuyang'anabe khoma. Anati aliyense anali ndi nyali ya nambala yake, ndipo akatuluka ankaibweza pamalo pake. Malo ena akakhala opanda nyali, a gulu la mwini nyaliyo sankapita kunyumba mpaka mnzawo atapezeka.

"Nili na azibambo eight, odwala monga imwe," anatero mayiyo. "Tikumana pa Saturday, 14 hours. Koma wina akaleka kubwela, niziba mochedwa. Mungatikonzeleko vamene munali kuchita?"

Tsiku lomwelo bambo anandituma thabwa, misomali ndi zitsekerero za mabotolo. Anakhoma misomali isanu ndi inayi, naboola zitsekerero, nalemba nambala pa chilichonse. Munthu akafika pamsonkhano ankakoleka chake pamsomali wake.

Loweruka lililonse ndinkawakankha pa njinga ya olumala mpaka kuseri kwa kiliniki, ine n'kukhala panja. Ambiri anali a kumgodi: ena a shuga, ena a sitiroko, wina wa chifuwa cha fumbi amene ankatsokomola ngati jenereta yokana kulira. Ndinkawamva akulankhula zimene sindinamvepo mwamuna wamkulu akutchula: kuopa khungu, kukodza pogona, kuona mkazi wako akutopa nawe. Mayi uja ankangofunsa funso limodzi, n'kuwasiya. Bambo anayambanso kuseka. Koma nkhondo ya jakisoni kunyumba inali pomwepo, ndipo mumtima ndinkati mayiyu akungocheza nawo, munthu akutha.

Loweruka lina la dzinja, msomali wachisanu unakhala wopanda kanthu. Unali wa bambo wina wa sitiroko, amene kale ankayendetsa sitima ya pansi pa mgodi. Bambo anawerenga misomali kawiri, natembenuza njinga yawo.

"Tiyeni."

Palibe anafunsa kuti kuti. Zimene ndinaona m'njira tsiku limenelo sindidzaziiwala. Amuna asanu ndi atatu, wina pa ndodo, wina akukoka mwendo, wachifuwa uja akuima pa ngalande iliyonse kuti apume, ankadutsa m'matope pakati pa mabenchi a tomato ndi makala. Amayi ogulitsa ankasuntha mabeseni awo osauzidwa. Ine ndinkakankha njinga.

Titafika kwa bambo wa sitiroko uja, mkazi wake anatiuza kuti amuna ake adzitsekera m'chipinda masiku atatu, ndipo chakudya chikubwerera momwe chapitira. Bambo anati ndiwafikitse pachitseko penipeni. Anagogoda, nalankhula m'Chibemba, chinenero chimene ankagwirira ntchito.

"Mune, tuli pano. Tatuleya." Ankamuuza kuti tafika, ndipo sitichoka.

M'kati munali zii. Azibambo aja sanamulalikire, sanamunyengerere. Anangokhala pakhonde ndi m'kanjira, akukumbutsana za kapitawo wina wankhanza ndi za madzi amene ankadontha mumgodi. Ola linatha, lina linathanso. Nthawi yoti bambo adye inali itapitirira. Ndinawanong'oneza kuti tizipita, tidzabwerenso mawa.

Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. "Munthu akadali pansi."

Patapita kanthawi anandikoka dzanja. "Jakisoni uja uli naye?"

Ndinkayenda naye m'chikwama nthawi zonse, ngakhale ndinali nditasiya kuyembekeza. Anamulandira, nakweza malaya, nadzibaya pamimba okha. Kenako anaitana mayi wa panyumbapo.

"Mayi, ndipatseniko kanthu ndidye. Ndikakomoka pano, mnzangayu amudikira ndani?"

Chitseko chinatseguka dzuwa litapendeka, koma ine sindinachione. Ndinali kuseri kwa nyumba ya eni, ndikulira.