Alamu anga, nkhumba zawo ndi chambiko

Lolemba lapitali ndinatsikira pa Benga kukaona alamu anga a Chikaonda. Ndinawapeza pakhola atagwira tsaya ngati pagwa maliro a munthu. Nkhumba yawo inaswa ana asanu ndi anayi. Atatu anali atafa kale ndi kutsegula m'mimba, otsalawo akungodzandira ngati achokera ku kachasu.

Alamu angawa ndi dokotala wodziika yekha. Anagula makapisozi pamsika, aja amayalidwa pafupi ndi usipa, n'kumasungunulira tinkhumbato m'mawa ndi madzulo. Tinkhumba osasintha.

Achemwali anga, akazi awo, ndiwo anatopa nazo. Anakaitana alangizi a ziweto, mayi wamfupi woyenda panjinga yopanda mabuleki.

Mayiwo anayang'ana khola, kenako n'kuyang'ana alamu.

"Bambo, m'matumbo mwa kankhumba mumakhala tizilombo tabwino ndi toipa. Tabwinoto ndi timene timatchinga kuti toipa tisapeze malo. Inu ndi makapisozi anuwa mwapha tonse."

"Ndiye mubaya jekeseni?" anafunsa alamu.

"Ayi. Tsukani khola, tinkhumbato tiziyamwa kwa make. Muzitimwetsa madzi a mchere ndi shuga, komanso chambiko pang'ono. M'chambiko muli tizilombo tabwino tija."

Alamu anaseka mpaka kutsokomola. "Chambiko? Ine mwini khola ndinachilawa komaliza tisanavote! Ndiye ndipatse nkhumba? Mayi, sukulu yake munaphunzira kuti?"

Achemwali sanatsutsane ndi munthu. Anangonyamula chigubu, ulendo kukatenga chambiko kwa bambo wina woweta ng'ombe kumtunda. Kankhumba kamodzi kanafabe Lachitatu, koma pofika Loweruka tisanu totsalato tinali tikulimbirana mawere. Pano alamu akuuza anzawo pabawo kuti nzeru ya chambiko anaitulukira ndi iwo.

Musawaseke kwambiri, awerengi. Ndani mwa ife amachoka kuchipatala ali wokhutira ngati sanamubaye? Adokotala akati, "Kapumuleni, muzimwa madzi ambiri," timatuluka tikung'ung'udza kuti ameneyu sadziwa ntchito. Kwa ife mankhwala enieni ndi owawa, osesa chilichonse chimene apeza.

Ndipo khalidweli silinathere m'khola. Chibwerereni matipate, kwathu kuno tinachotsa komiti yonse ya mjigo, ati ndi anthu a boma lakale. Ena anali ovutadi, sindikana. Koma pagulupo panalinso a Saidi, munthu yekhayo m'mudzi muno wodziwa kumasula mjigo ndi kuubwezera. Tsiku lowachotsa anangoti, "Zikomo," n'kusiya masipanala pansi pa mtengo wa mango.

Mjigo unafa mwezi watha. Komiti yatsopano yakumana katatu, yaimba nyimbo, yaomba m'manja. Amayi akutunga madzi kunyanja, komwe ena akuchapa matewera.

Tinakula ndi mwambi woti nsomba ikaola imodzi zaola zonse. Chabwino. Koma tandiuzani, inu a m'mbali mwa nyanja: munaonapo msodzi uti akukhuthulira m'madzi bwato lonse la chambo chifukwa imodzi yanunkha?